DZINA LIKAGULITSIDWA SILIBWERERA

Pafupifupi m'tauni iliyonse muli nyumba ya zakudya imene anthu amaitchula ndi dzina la mwini wake. Bambo amalandira ndalama, mayi ali kukhitchini, ndipo ana amatsuka mbale akaŵeruka kusukulu. Koma ukalamba ukafika, ana nabalalikira ku ntchito zina, banja limayamba kufunsana kuti, "Kodi tigulitse?" Tisanayankhe, tiyeni timve zimene zinaonekera abale aŵiri a ku America.

Richard ndi Maurice McDonald anatsegula nyumba yawo ya zakudya ku San Bernardino, m'chigawo cha California, m'chaka cha 1940. Mu 1948 anasintha kachitidwe kawo: anachepetsa mitundu ya zakudya, napatsa wantchito aliyense mbali yakeyake, kotero kuti wogula sankadikira. Banzi lokhala ndi nyama pakati, lotchedwa hamburger, linali pa masenti 15 okha. Anthu anakhamukirako.

Mu 1954 kunafika Ray Kroc, wogulitsa makina osakanizira zakumwa za mkaka. Ataona unyinji wa ogula, anapangana nawo kuti azitsegula nyumba zina m'dzina lawo, ndipo yake yoyamba anaitsegula mu 1955 ku Des Plaines. Mu 1961 iye anagula bizinesi yonse pa mtengo wa madola 2.7 miliyoni.

Abale aja anakana kupereka nyumba yoyamba ija. Koma dzina linali litapita kale. Anatsitsa chikwangwani cha dzina la bambo wawo woŵabala, natcha nyumbayo The Big M. Kroc anatsegula McDonald's ina pafupi pomwepo. Ogula anatsata dzina, ndipo patapita zaka zoŵerengeka nyumba yakale ija inatsekedwa.

Tsono tiphunzirapo chiyani ife amene tili ndi tiyirumu, malo ophikira buledi kapena lesitilanti ya banja? Tiona kuti chogulitsidwa chenicheni si miphika, mabenchi kapena malata ayi. Ndi dzina, ndiponso chikhulupiriro cha anthu amene akhala akudya pamenepo zaka zambiri.

Chotero inu wogulitsa, yambani mwakhala pansi ndi banja lonse, kuti mwana wina asadzamve kwa anthu a pamsika kuti malo amene anamlera agulitsidwa. Pangano lilembedwe pamaso pa mboni, ndipo linene poyera ngati dzina likupita kapena likutsala, ngati mudzaloledwa kutsegula malo ena pafupi, ndiponso za antchito akale: kodi atsala, kapena alipidwa napita?

Inunso wogula, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onani mabuku a ndalama, buku la ngongole, ziphaso ndi mapepala a malo musanapereke tambala imodzi. Pemphani mwini wakale akhale nanu miyezi ingapo, akuphunzitseni kaphikidwe, nakuonetseni kwa alimi amene amabweretsa ndiwo. Musafulumire kuchepetsa mafuta kapena kuchotsa wophika wakale, pakuti lilime la wogula silinamizidwa.

Kugulitsa sikulakwa. Munthu wotopa ayenera kupuma, nadya thukuta lake. Koma tisanasaine, tiŵerenge bwino chimene tikupereka, chifukwa miphika tikhoza kugula ina maŵa, koma dzina likagulitsidwa silibwerera.