Mwana Akasankha Kukaphunzira za Nyama Zakutchire

Nyengo yopempha malo ku yunivesite ikafika, m'makomo ambiri a Chiadventi nkhani imakhala imodzimodzi: unamwino, udokotala, uphunzitsi kapena zowerengera ndalama. Mwana akatchula Malamulo, mayi amamwetulira. Koma wina akangoti akufuna kukaphunzira za kasamalidwe ka nyama zakutchire, pakhomo pamangoti zii, kenako bambo n'kufunsa kuti, "Ndiye tivutike kukulipirira fizi kuti uzikalondera njovu?"

Bamboyo sanalakwe kufunsa. Fizi ndi yodula, ntchito n'zosowa, ndipo amene adalimapo m'mphepete mwa nkhalango sakumbukira njovu ndi chikondi. Komabe maphunziro amenewa ali pafupi kwambiri ndi nkhani za umoyo kusiyana ndi mmene ambirife timaganizira, ndipo banja lisanamukanize mwana kapena kumulola, ndi bwino lidziwe chimene akukachita kumeneko.

Amaphunzira kuti, nanga amaphunzira chiyani?

Kuno kwathu khomo lodziwika kwambiri ndi LUANAR, ku Bunda, komwe kuli digiri ya zaka zinayi ya kasamalidwe ka zachilengedwe yokhala ndi nthambi ya nyama zakutchire ndi zokopa alendo. Komweko kulinso maphunziro a udokotala wa ziweto. Ku Mzuzu University kuli za nkhalango, za nsomba ndi za alendo odzaona malo. Amene mapointi sadamufikitse ku yunivesite angathe kuyambira ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza, n'kutenga satifiketi kapena dipuloma. Kunja kwa dziko lino, sukulu yakale yotchuka pa ntchitoyi ndi ya Mweka ku Tanzania, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro, yomwe idatsegulidwa mu 1963.

Kuti alowe yunivesite ya boma, mwana amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Apa ndi pamene ana ambiri okonda nyama amapunthwa, chifukwa amalimbikira Biology yokha n'kutaya Masamu ndi Chemistry. Chonsecho theka la ntchitoyi ndi kuwerenga: njovu zilipo zingati, zikuswana bwanji, msipu ndi madzi zingakwane zingati. Wophunzira amazolowera kujambula mapu pa kompyuta, kulondola nyama yovekedwa kolala ya GPS, kuzindikira nyama poona mapazi ndi ndowe zake, kudziwa mitengo ndi udzu ndi mayina ake a sayansi. Amaphunziranso malamulo, monga lamulo lija lidakonzedwanso mu 2017, limene limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kwa wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka. Ndipo pali phunziro lina limene silioneka lalikulu pa pepala koma kumudzi ndi limene limagwira ntchito: kukhala pansi ndi amfumu ndi anthu awo n'kumvana.

Matenda salabadira mpanda

Kwa ife amene timayenda m'mipingo ndi m'midzi kuphunzitsa zaumoyo, chimene chimakopa pa maphunzirowa ndi ichi: matenda angapo amene timalimbana nawo amayambira kutchire kapena m'madzi, ndipo namwino amakumana nawo atafika kale pathupi la munthu.

Tengani likodzo. Kale anthu ankati likodzo umalitenga m'madambo ndi m'zithaphwi, osati pamchenga woyera wa nyanja. Koma ku Chembe, ku Cape Maclear, matendawa adayamba kuchuluka pakati pa ana a sukulu ndi alendo osambira m'nyanja momwemo. Akatswiri a nsomba ndi nkhono atafufuza adaona zinthu ziwiri zikuchitika pamodzi: nkhono zosunga tizilombo ta likodzo zidachuluka m'madzi osaya, pamene nsomba zodya nkhonozo zidachepa chifukwa cha makoka okokedwa m'mphepete. Maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale masikito amene timagawa kuti ateteze ana ku malungo, amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mapiritsi a praziquantel amachiza mwana lero, koma mawa akalowanso m'madzi omwewo matenda ayambiranso. Munthu amene angathandize kuti nsomba zodya nkhono zibwerere akugwira ntchito yachipatala, ngakhale savala yunifomu yoyera.

Kaodzera nayenso ndi chimodzimodzi. Matendawa amafala ndi kashembe, ndipo kachilombo kake kamakhala m'magazi a nyama monga mbawala popanda nyamayo kudwala. N'chifukwa chake odwala ambiri amachokera m'midzi yozungulira Vwaza ku Rumphi, ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Kasungu. Poyamba amaoneka ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya. Ambiri amamwa mankhwala a malungo kawiri katatu asanapimidwe bwino, ndipo mtundu wa kaodzera wa kuno umathamanga, umatha kupha m'miyezi yochepa. Mankhwala akumwa a fexinidazole adayesedwa pa chipatala cha Rumphi, ndipo zimenezo n'zoyamika. Koma nsalu zabuluu ndi zakuda zonyikidwa m'mankhwala zimene zimamangidwa m'tchire kuti ziphe kashembe, amene amadziwa pozimanga ndi munthu wodziwa kumene nyama zimamwa madzi ndi kumene zimagona.

Chakumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zidafa mu mtsinje wa Shire, m'nkhalango ya Liwonde, ndipo atapima adapeza kuti ndi anthrax. Boma lidachenjeza anthu kuti asadye kapena kukhudza nyamayo. Wina anganene kuti ife Aadventi sitidya mvuu, Levitiko 11 adatiteteza kale. N'zoona, koma anthrax salowera pakamwa pokha. Amalowa pachilonda cha wosenda chikopa, amakhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zathu zodya msipu pamalo amenewo zimatha kumutenga. Oyamba kuona mitembo ija ikuyandama, kuiwerenga ndi kudziwitsa azaumoyo anali ogwira ntchito m'nkhalango.

Njovu ndi munda wa chimanga

Ana ambiri amakopeka ndi mbiri yokoma, ndipo mbiri yokoma ilipodi. Pofika 2003, pamene bungwe la African Parks lidagwirizana ndi boma kuti liziyang'anira Majete, m'nkhalangomo mudalibe njovu ngakhale imodzi. Lero muli njovu, zipembere, njati, akambuku ndi mikango, yomwe idabwezeretsedwa mu 2012. Mu 2015 bungwe lomweli lidatenganso Liwonde ndi Nkhotakota, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zidanyamulidwa pa malole kuchoka ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota.

Koma mwana adziwenso mbali inayi. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Kuchokera pamenepo midzi ya m'malire, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, yakhala ikudandaula za minda yoonongeka, ndipo anthu ena adaphedwa ndi njovu. Womaliza maphunziro amenewa tsiku lina adzatumidwa kukaima pamaso pa mayi amene chimanga chake chonse chatha usiku umodzi. Mayiyo sadzafuna kumva za ndalama zimene alendo amabweretsa m'dziko. Adzafuna kudziwa chimene ana ake adye, ndiponso ngati mpanda wamagetsi ufika pamudzi pawo. Njira zina zothamangitsira njovu, monga utsi wa tsabola ndi ming'oma ya njuchi yopachikidwa m'malire a munda, zimathandiza pena, pena ayi. Ine ndimaona kuti mwana wokonda nyama koma wosapirira ndi anthu, ntchito imeneyi si yake.

Mafunso atatu a banja la Chiadventi

Loyamba ndi la chilengedwe. M'nyanja yathu muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Lake Malawi National Park, yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, idalowera m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mbuna zimenezi ndi chitsanzo chimene mabuku a sayansi padziko lonse amagwiritsa ntchito pophunzitsa kuti zamoyo zidachita kusinthika pa nthawi yaitali kwambiri. Mwana wathu adzazimva zimenezi kuyambira chaka choyamba, ndipo adzalemba mayeso ake. Kumuuza kuti azitseka makutu n'kumulepheretsa mayeso, komanso n'kumusiya wopanda choyankha mnzake akamufunsa. Aphunzire bwinobwino chimene aphunzitsi akunena, athe kuchifotokoza mosapotoza, ndipo adziwenso chifukwa chake iye amakhulupirira kulenga kwa masiku asanu ndi limodzi. Mpingo wathu sukana kuti nsomba kapena mbalame zimasiyana maonekedwe malinga ndi malo. Pamene timasiyana ndi mabukuwo ndi pa chiyambi cha moyo ndi kutalika kwa nthawi. Geoscience Research Institute, ya mpingo womwewu ku Loma Linda, imalemba za nkhani zimenezi ndipo zolemba zake zimapezeka pa intaneti. Mwana ayambe kuziwerenga asanapite, osati chikhulupiriro chitagwedezeka kale.

Lachiwiri ndi Sabata, ndipo ili ndi limene ine ndimaliona lolemera. Maphunzirowa ali ndi maulendo akutchire, ndipo maulendo otere kawirikawiri amagwa kumapeto kwa sabata, pamene makalasi ena atsekedwa ndi galimoto ilipo. Wophunzira apite kwa aphunzitsi teremu ikangoyamba, ali ndi kalata ya abusa, n'kupempha njira ina yokwaniritsira ntchitoyo. Kudikira Lachisanu madzulo basi italira kale n'kudzivutitsa. Afunefunenso gulu la ophunzira Achiadventi pasukulupo, chifukwa amene adamutsogolera amadziwa mmene adadutsira.

Kuntchito nkhani imakula. Nyama sizipuma Loweruka, opha nyama mozemba sapumanso, ndipo alendo amachuluka tsiku lomwelo. Ena amati, anamwino a ku Malamulo amagwira pa Sabata, bwanji ife? Pamenepa tisadzinamize. Kumasula mbawala pa msampha wa waya, kapena kubweza njovu imene yalowa m'mudzi, kumafanana ndi nkhosa yogwera m'dzenje ya pa Mateyu 12. Kuyendetsa alendo pa boti kuti ajambule mvuu si zomwezo. Choncho posankha nthambi mwana aganizire zimenezi: kafukufuku, kuphunzitsa, ntchito ya mapu, udokotala wa nyama ndi kugwira ntchito ndi midzi zimapatsa mpata wokonza masiku kusiyana ndi ntchito ya m'malo ogona alendo.

Lachitatu ndi mfuti. Alonda a nkhalango amayenda ndi mfuti masiku angapo m'tchire, ndipo ngozi ndi yeniyeni. Mu May 2019 msilikali wa ku Britain amene ankathandiza pa ulonda ku Liwonde adaphedwa ndi njovu. Mpingo wathu kuyambira kale umalangiza zosanyamula zida, ngakhale umasiyira munthu aliyense chikumbumtima chake. Si onse a digiri amene amalondera, koma amene akufuna kudzayang'anira nkhalango adzalamulira anthu amfuti. Akambirane zimenezi ndi makolo ndi abusa nthawi ilipo.

Nanga ntchito?

Pano tisakometse. Malawi ali ndi mapaki asanu, Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi wa kunyanja, kudzanso malo anayi osungira nyama, Majete, Mwabvi, Nkhotakota ndi Vwaza. Olemba ntchito ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, African Parks, mabungwe monga Lilongwe Wildlife Trust ndi WESM, ndi makampani a alendo. Mipata si yambiri, ndipo yambiri mwa iyo imadalira ndalama za opereka thandizo, zomwe zimatha. Amene amapeza msanga ntchito nthawi zambiri ndi amene adadzipereka kugwira mwaulere pa tchuthi, amene ali ndi laisensi yoyendetsa galimoto, wodziwa kompyuta, wotha kulemba lipoti lomveka, ndi wolankhula chiyankhulo cha dera, kaya Chitumbuka ku Vwaza, Chiyao ku Liwonde kapena Chisena kumunsi kwa Shire.

Makolo amene sakudziwa ngati chidwi cha mwana n'chenicheni angathe kuchiyesa motchipa. Alowe kalabu ya zachilengedwe ya WESM pasukulu pake. Atenge maphunziro a mbalame, mitengo ndi tizilombo ku Pathfinder, amalize, osati kungosoka baji. Mtengo wolowera m'mapaki ndi wotsika kwa Amalawi poyerekeza ndi wa alendo akunja, kotero kalasi ya achinyamata itha kusonkherana ulendo wa Lamulungu. Akakafika, mwana asamangojambula njovu. Apemphe mphindi zochepa kwa mlonda kapena wa ofesi yoona za midzi, amufunse mmene amagonera kutchire, masiku amene amakhala osaona banja lake, ndiponso ngati pali Mwadventi pantchitopo amene angamuuze mmene amachitira Lachisanu dzuwa likamalowa.