Mfuti ya Mpweya Ikatha Mphamvu

Amalume anga amasamala maluwa ndi nkhuku panyumba ina ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe. Panyumbapo pali mfuti yakale ya mpweya, ija yothyola pakati, imene eni nyumba adawapatsa kuti aziphera makoswe oboola matumba a chakudya cha nkhuku. Nditapita kukawaona patchuthi ndidawapeza akudandaula. Khoswe akamuwombera ankangodumpha n'kuthawa ali wovulala, kenaka n'kukafera kudenga. Fungo likayamba, eni nyumba ankafunsa amalumewo. Iwo adali atagamula kale mlandu: sipuling'i yatha. M'chimangirizo chino ndifotokoza chifukwa chake chigamulo chotere chimakhala chofulumira, ndiponso momwe munthu angafufuzire vuto asanamasule chilichonse.

Mfuti yamtunduwu ndi pampu, monga yopopera njinga. Munthu akaithyola, mpope wake, kutanthauza paipi imene peleti imadutsamo, umakhala ngati mkono wokankhira pisitoni m'mbuyo. Pisitoniyo imapanikiza sipuling'i n'kukodwa pa kachitsulo. Mukakoka chowombera, sipuling'i imamasuka, pisitoni imathamangira kutsogolo, ndipo mpweya wonse umene udali m'chibowo chachikulu umapanikizidwa n'kutulukira pa kabowo kakang'ono kamene kali kumbuyo kwa peleti. Chimene chimakankha peleti ndi mpweyawo, osati sipuling'i. Choncho mpweya ukapeza pena pothawira, mfuti imafooka ngakhale sipuling'i ikhale yatsopano.

Kufookako kumaposa mmene munthu angaganizire. Peleti ya mamilimita 4.5 imalemera pafupifupi theka la galamu. Liwiro lake likatsika kuchoka pa mamita 240 pa sekondi kufika pa 170, mphamvu yomenyera imatsika ndi theka, pakuti mphamvu imawerengedwa pochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo. Khoswe wa amalume ankapulumukira pamenepa.

Funso loyamba ndi lakuti kodi mfutiyo yafookadi, kapena idapangidwa choncho? Mfuti zina za ku Germany, monga za Diana ndi Weihrauch, zili ndi chilembo cha F m'kati mwa kachizindikiro ka ngodya zisanu. Zimenezo adazipanga dala kuti zisapitirire majoule 7.5, omwe ndi malire a mfuti yogulidwa popanda chilolezo m'dzikolo, ndipo peleti yake imayenda mamita pafupifupi 170 pa sekondi. Ku England malire ake ndi majoule pafupifupi 16. Palinso nkhani ya malo. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Pisitoni imakankha mpweya umene yaupeza m'chibowo, ndiye mfuti yomweyo imamenya kwambiri ku Nsanje kuposa ku Area 10. Zimene zalembedwa pakatoni, mwachitsanzo mafiti 1,000 pa sekondi, amaziyesa ndi mapeleti opepuka kwambiri. Wozikhulupirira amakonza mfuti yosawonongeka.

Akatswiri amayeza liwiro ndi makina otchedwa chronograph. Ife tidamanga mtolo wa nyuzipepala zakale, kuutsamiza pa thumba la mchenga, n'kuwombera titaima mamita khumi. Tidawerenga mapepala amene peleti idaboola ndi kulemba chiwerengerocho. Njirayi siuza munthu liwiro lenileni, koma imaonetsa ngati zimene wakonza zasintha kanthu. Khoma la njerwa lopanda mchenga n'loopsa chifukwa peleti imabwerera.

Kufufuza kumayambira pa peleti. Peleti yabwino ndi ya mtovu wofewa, ndipo kumbuyo kwake kuli ngati siketi imene imafutukuka mpweya ukaimenya, n'kutseka mpope. Siketiyo ikaphwanyika, monga zimachitikira mapeleti akamasungidwa m'thumba la malaya pamodzi ndi makiyi, mpweya umadutsa m'mbali. Peleti yongogwera yokha mumpope ndi yaing'ono, ndipo yofuna kukhomera ndi yaikulu. Mpope nawo uyenera kuunikidwa. Mfuti yogonera m'shedi nyengo yadzinja imachita dzimbiri, ndipo nthawi zina mumapezeka peleti yakale imene idakakamira. Kansalu kokokedwa ndi ulusi wowedzera nsomba kamakwanira kupukuta. Waya amakanda mizere ya m'kati imene imazunguza peleti.

Malo achiwiri, amene ine ndimawakayikira koposa, ndi pothyolera. Pamene mpope umakumana ndi thupi la mfuti pali kamphira kozungulira, kapena kachikopa pa mfuti zakale. Kanthu aka kamafinyidwa nthawi iliyonse mfuti ikatsekedwa, ndiye pakapita zaka kamaphwa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani peleti, tsekani mfuti, wazani ufa pang'ono pamwamba pa polumikizirapo, ndipo wombani pa mtolo uja. Ufa ukauluka ngati utsi, mpweya ukuthawira pomwepo. Titayesa mfuti ya amalume, ufa udawafika kumaso. Kamphira katsopano ka msinkhu womwewo kangafunidwe m'mashopu a zida za galimoto ku Old Town, cha ku msewu wa Malangalanga, bola kunyamula kakaleko kuti akayerekeze. Kakasowa, kuika kapepala kolimba kodulidwa mozungulira pansi pa kakale kumakakweza pang'ono kuti kagwirenso. Muonenso bawuti imene mpope umazungulirapo. Ikakhwepa, mpope umagwedera ndipo sutseka bwino.

Pothyolera pakakhala bwino, vuto lili m'kati, kumutu kwa pisitoni. Mfuti zakale zili ndi chikopa chonga kapu, chofanana ndi cha m'pampu ya njinga kapena ya pulayimasi. M'chilimwe, makamaka kutentha kwa Okutobala, chikopachi chimauma n'kufota. Madontho awiri kapena atatu a mafuta a silicone opangidwira mfuti zotere, othiridwa pa kabowo kotulukira mpweya, n'kuimika mfuti usiku wonse, amachitsitsimutsa. Mfuti zatsopano zili ndi pulasitiki m'malo mwa chikopa, ndipo imeneyo ikang'ambika palibe mafuta amene angaichiritse.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapha mfuti zawo ali ndi cholinga chabwino. Mlonda wa nyumba yoyandikana adalangiza amalume kuti, "Madala, ingothiranimo oyilo wa galimoto, muona mmene ilirire." Imaliradi. Mpweya ukapanikizidwa mwadzidzidzi umatentha kwambiri, ndipo oyiloyo amayaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo, imene ilibe mapulagi oyatsira mafuta. Mfuti imaphulika, utsi umatuluka, peleti imapita ndi liwiro lalikulu, mwini wake n'kusangalala kuti yachira. Koma motowo umapsereza mutu wa pisitoni, ndipo kuphulikako kumabweza pisitoni m'mbuyo mwamphamvu moti sipuling'i imatha kuthyoka. Chizolowezi china chowononga ndi kuwomba mfuti yopanda peleti poopseza akhwangwala. Peleti ikakhalamo, mpweya wopanikizika umakhala ngati pilo woimitsa pisitoni. Ikasowa, pisitoni imakamenya chitsulo.

Sipuling'i imabwera pomalizira, ndipo ikakhala ndi vuto imadziulula yokha. Mfuti imene kale inkafuna mphamvu pothyola imayamba kupepuka, kapena imamveka kukhukhuluza m'kati. Chodabwitsa n'chakuti sipuling'i yothyoka imawombabe, chifukwa zidutswa zake zimalowana n'kumagwira ntchito ngati sipuling'i yaifupi. Kusiya mfuti yothyoledwa kale kwa masiku ambiri, kudikira khoswe, kumaifooketsanso, kuwonjezera pa ngozi ya ana. Sipuling'i yotopa saikoka kuti italike ndipo saiwotcha pamoto. Imasinthidwa ndi ina yofanana kunenepa kwa waya, kukula kwa mkombero ndi chiwerengero cha mapindi.

Kumasula mfuti si ntchito yoyeserera. Ngakhale mfuti isanathyoledwe, sipuling'i imakhala itapanikizidwa kale, ndipo wochotsa mapini a kumbuyo osaigwira ndi chopanira, monga chija akalipentala amapanira matabwa, angathyoke zala kapena kutaya diso. Mmisiri wodziwa amapukuta chibowo, amasalaza m'mphepete mwa mipata yake kuti musadule mutu watsopano polowa, ndipo amapaka girizi wakuda wa moly pang'ono chabe m'mbali mwa pisitoni, osati kutsogolo kwake. Girizi wochuluka pa sipuling'i amachedwetsa pisitoni, mfuti n'kufookanso. Chikopa chikafunika, wosoka nsapato angadule chatsopano poyang'anira chakale.

Mfuti ya amalume sitidaimasule n'komwe. Tidasintha kamphira ka pothyolera, kumanga bawuti, ndi kutaya mapeleti ophwanyika amene adali m'kachitini. Titawomberanso pa nyuzipepala zija, peleti idalowa kupitirira pamene tidalemba poyamba, ndipo ufa udakhala phee. Amalume adaithyola kachiwiri, kumvetsera, n'kunena kuti, "Mphwanga, sipuling'i ija ndimainamizira." Tsopano mapeleti amawasunga m'botolo la mankhwala lokhala ndi thonje pansi.