Nthambo anacotsa, koma ku Kabwe kukali kutali

Pa 23 December 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo locotsa cilango ca kunyongedwa mu Zambia. Tsiku lomwelo anacotsanso mlandu wa kunyoza mtsogoleli wa dziko, ndipo ngati mukumbukila bwino, mu maminibasi a ku Chawama na ku Matero nkhani imene inatentha ni yaciŵiliyi. Aliyense anafuna kudziŵa ngati manje angakambe za boma mosaceuka. Za nthambo tinakambako pang'ono cabe, kondakitala n'kuyamba kuitanitsa ndalama, nkhani n'kuthela pomwepo.

Mu February 2023, akaidi 390 amene anali kuyembekeza kunyongedwa anawasinthila cilango kukhala ca moyo wonse m'ndende. Pa anthu amenewa, 11 anali azimai. Sangadzaze ngakhale minibasi imodzi, ndiye cifukwa cake sitimvako za iwo. Tikamva dzina la Mukobeko timaganiza za amuna. Koma ku Kabwe komweko, pafupi na Mukobeko, kuli ndende ya azimai a milandu ikulu-ikulu, ndipo mzimai akaweluzidwa kuti anyongedwe, kumeneko n'kumene anali kumupeleka.

Kunena zoona, nthambo inaleka nchito kale. Anthu othela kunyongedwa m'dziko muno ananyongedwa mu January 1997, nthawi ya a Frederick Chiluba. A Levy Mwanawasa anakanilatu kusaina cikalata ca imfa ya munthu aliyense. A Edgar Lungu anapita okha ku Mukobeko mu July 2015 n'kusinthila cilango akaidi 332, amene anali othithikana m'malo omangidwila anthu pafupi-fupi 50. Koma makhoti sanaleke kuweluza imfa, pakuti lamulo linali kuwalamula kutelo, ndipo zipinda zinali kudzalanso. Lamulo lomwelo linali kuteteza mzimai wapakati: iye sanali kupatsidwa cilango ca imfa, koma ca moyo wonse.

Ine kwathu ni ku Katete, ndipo cimene cimanivuta pa nkhaniyi ni mtunda. Ganizilani mzimai wa ku Vubwi, kumalile na Malawi na Mozambique uko, amene wapezeka na mlandu wa kupha. Mlandu wotele suthela ku khoti yaing'ono. Umazengedwa na High Court, imene kum'mawa imakhala ku Chipata. Pamene akali kuyembekeza ciweluzo ku Namuseche, abale angakwanitseko kumuona: njinga, kamotoka ka m'mawa, kubwelela madzulo. Akamusamutsila ku Kabwe, ulendo usintha. Mai ake ayambe afika ku Chipata, akwele basi ya pa Great East Road, apite Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, aoloke mlatho wa Luangwa, akatsike pa Intercity dzuŵa litapendeka. Kucoka ku Katete cabe kufika mu Lusaka ni makilomita pafupi-fupi 500. Ndiye pakali ena 140 a ku Kabwe, amene sangayendedwe tsiku lomwelo na nkhalamba yotopa. Masiku atatu kapena anai apita, cifukwa ca kuonana kwa kanthawi kocepa, msilikali ali ciimile pambali.

Ndalama ya ulendowo icokela kuti? Ku Sinda na ku Vubwi ndalama imaoneka kamodzi pa caka, akagulitsa cimanga, nshawa, soya kapena nyamusuŵa. Ndalama yomweyo ifunika feteleza, yunifomu ya ana, na cigayo. Caka coyamba banja limayesa. Caciŵili amatuma mmodzi. Cacitatu amangofunsa kwa aliyense wocokela ku tauni ngati wamvako kanthu. Si nkhanza ayi, ni thumba.

Niziŵa zimene ena a inu mukamba pa mpando wa kumbuyo: anapha munthu, nanga tim'mvelele cifundo ca ciani? Muli na mfundo. Kuli manda kwina kwake, kuli ana amene anataya tate wawo, kuli banja limene silinafunsidwe pamene boma linali kusintha cilango. Sin'funa kucepetsa cisoni cawo. Koma yang'anani amene alangidwa na mtundawo. Ife Aceŵa ana ni a kucikazi. Mai akamangidwa, ana amatsala na ambuye awo kapena atsibweni, ndipo ngati wophedwayo anali tate wawo, ndiye kuti ataya makolo onse aŵili pa tsiku limodzi. Mwana amene anasiyidwa ali mu giledi 2 amafika giledi 9 osamuonapo mai wake. Uyo mwana khoti sinamuweluze.

Ocepa kwambili amaloŵa nawo m'ndende. Malamulo athu amalola mwana kukhala na mai wake mpaka zaka 4, ndipo a boma amawacha circumstantial children, dzina lalitali la kamwana kamene kaphunzila kuyenda pa bwalo la ndende. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi na PRISCCA, bungwe la kuno kwathu loona za akaidi, anapeza kuti anawa analibe gawo lawo-lawo la cakudya. Anali kudya pa mbale ya mai. Zaka 4 zikakwana, mwana afunika kucoka. Ngati abale ali ku Vubwi ndipo sanabwelepo, adzamutenga ndani?

Caka comweco ca 2010, United Nations inavomeleza malamulo a kasungidwe ka akaidi acikazi, ochedwa Bangkok Rules. Limodzi mwa iwo likamba kuti mzimai aikidwe m'ndende ya pafupi na kwawo ngati n'kotheka, poganizila ana amene iye amasamala. Ife eni ake mu 2016 tinasintha dzina la Zambia Prisons Service kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti colinga ni kuwongola munthu. Ine niona kuti pamene nthambo yacoka, cifukwa cosungila mzimai wa kum'mawa ku Kabwe mpaka imfa cacepa. Amene wakhala zaka zambili na khalidwe labwino, bwanji osamubweza ku Namuseche, kumene mlongo wake angafike na kathumba ka nshawa? Cilango cikhala cimodzi-modzi, cipata cimakhomedwa mofanana. Kum'mawa nakonso malo ni ocepa, ico n'coona, koma apa tikamba za azimai oŵelengeka.

Moyo wonse m'malamulo athu utanthauza moyo wonse, kupatulapo Pulezidenti atakukhululukila. Ndiye cifukwa cake pa 25 May, tsiku la Africa Freedom, na pa 24 October, m'ndende anthu amachela khutu ku wailesi kuposa ife pa mpila. Koma wotulutsidwa afunika kopita. Mzimai amene wakhala zaka 20 osaona wacibale amatuluka na kapepala m'manja, kumudzi munda unagaŵidwa kale, a mfumu amene anali kumudziŵa anamwalila, ndipo ana ake amamucha dzina monga mlendo.

Apa m'pamene nkhaniyi itikhudza ife a mu Lusaka. Tili pakati pa njila. Ambili a ife ocokela kum'mawa, mu Mtendere, Kalingalinga, Garden na Kanyama, talandilapo mlendo wa kumudzi amene sakamba bwino-bwino kumene apita maŵa. Kwathu kunagonapo mai wina wacikulile wa ku Sinda, mnzawo wa amai anga. Ananena kuti apita ku cipatala. M'cola cawo munali sopo, vitenge viŵili, shuga na kapenta. M'mawa ananipempha kuti niwapelekeze pokwelela za ku Kabwe, ndipo tili pa siteshoni m'pamene ananiuza motsitsa mau kuti mwana wawo wamkazi ali mkati. Anali atasunga ndalama ya ulendowo zaka ziŵili. Cimene anali kuopa kwambili si mtunda, koma kuti aneba athu angamve.

Ulendo umene kwa iwo ni wa zaka ziŵili, kwa ine na imwe ni wa tsiku limodzi: kunyamuka m'mawa, kubwela madzulo. Ngati m'banja mwanu muli dzina limene anthu analeka kuchula pa malilo na pa vikwati, funsani kumene alili. Yambani mwafunsa masiku na maola a alendo, pakuti ndende iliyonse ili na dongosolo lake, ndipo reji musaiŵale, pa geti adzaifuna. Katundu yense amasecha, conco mangani zosavuta kumasula: sopo, mafuta odzola, mapadi, citenge. Ngati ana ake ali kumudzi, uzani wa foni yabwino awakope, musindikize zithunzi pa pepala, cifukwa foni yanu idzatsala pa geti.