Ku Korea alendo amalipira kuti awaperekeze kukadya mumsika usiku

Munthu wa ku Mualadzi atamva kuti kuli dziko kumene mlendo amapereka ndalama kwa munthu wongomulondolera pamene pali chiwaya chabwino, angaseke n'kunena kuti zimenezo ndi nkhani za pabawo. Koma ntchito imeneyi ilipodi mumzinda wa Seoul, likulu la South Korea, dziko lija kumachokera mafoni a Samsung ndi magalimoto a Hyundai, ndipo pali anthu amene akudyetsa mabanja awo ndi ntchito yomweyo.

Dziko limeneli linalandira alendo oposa 17 miliyoni m'chaka cha 2019 chokha. Ambiri mwa alendowa sadziwa chinenero cha kumeneko, satha kuwerenga zilembo zake, ndipo akaona chakudya m'mbale sadziwa ngati ndi nsomba, nyama kapena ndiwo zamasamba. Tsono dzuwa likamalowa amakumana ndi woperekeza pa malo amene anapangana, kagulu kochepa koti onse n'kumamvana, ndipo amayenda wapansi maola atatu kapena anayi, kulawa pang'ono apa, pang'ono apo, mpaka mimba itadzaza. Mlendo amalipiriratu ulendo wonse, chakudya chili momwemo.

Malo amene maulendowa amakonda kupita ndi msika wa Gwangjang, umene unatsegulidwa mu 1905. Masana anthu amagulitsamo nsalu ndi katundu wina, koma chimene chinautchukitsa ndi mizere ya amayi ophika, aliyense ndi benchi lake patsogolo, moti wodya amakhala moyang'anana ndi mphika. Mu 2019 kanema wa Netflix anaonetsa mayi wina wa mumsikamo amene amakanda ufa wa tirigu n'kumaudula ndi mpeni timizeremizere toponya mumsuzi, ndipo kuyambira pamenepo alendo anayamba kufola pa benchi lake ngati pa chigayo.

Nanga amadya chiyani? Apa ndi pamene wowerenga wa kuno angadabwe, chifukwa zambiri si zachilendo kwenikweni. Chakudya chotchuka kwambiri mumsikamo ndi bindaetteok, chimene ndi mphodza zoviika m'madzi, zopera pa mphero yamwala alendo akuona, n'kuzisakaniza ndi ndiwo zamasamba ndi tinthuli ta nkhumba, kenaka n'kukazinga pa chiwaya mpaka zitafiira ngati chitumbuwa chachikulu chophwatalala. Pali sundae, amene ndi matumbo a nkhumba oikamo magazi ndi zina n'kuwaphika, ndipo munthu amene anadyapo uwende sangachite nawo mantha. Pali tteokbokki, timibulu ta ufa wa mpunga tophika mumsuzi wofiira wa tsabola. Chotsitsira chake ndi makgeolli, mowa woyera wa mpunga umene maonekedwe ake akunga masese osefa bwino, ndipo amamwera m'mbale.

Zina ndiye n'zofuna mtima. Mumsika womwewo muli kanjira ka ogulitsa nyama ya ng'ombe yaiwisi, yodula mopyapyala n'kuthira mafuta a chitowe ndi dzira losaphika pamwamba. Enanso amagulitsa kanyama ka m'nyanja ka miyendo 8, kamene Apwitikizi amati polvo, ndipo amakadula pomwepo n'kupereka miyendo ikugwederabe m'mbale. Alendo amakuwa, ena amatseka maso, koma amadya ndithu n'kujambulitsa. Mlendo wa ku Seoul atafika ku Chifunde n'kuona mbewa zopanidwa pa mpani mwina akhoza kukuwa chimodzimodzi.

Chimene mlendo amalipira kwenikweni si kukhuta ayi, popeza akanatha kugula yekha motchipa. Amalipira nkhani. Woperekeza wabwino amafotokoza kumene chakudya chilichonse chinachokera, ndipo nkhani zambiri ndi za njala. Dziko la Korea linali pa nkhondo kuyambira 1950 mpaka 1953, mizinda inagumuka, anthu anathawa kwawo atasenza mitolo. Pafupi ndi misasa ya asilikali a ku America, monga ku Uijeongbu, anthu ankapeza nyama ya m'chitini ndi masoseji otsala, n'kumaziphika pamodzi ndi tsabola ndi ndiwo zawo kuti banja lonse lipezeko msuzi. Chakudyacho chimatchedwa budae jjigae, kutanthauza mphika wa kumsasa wa asilikali. Lero chimagulitsidwa m'malesitilanti, ndipo alendo amachifunafuna.

Akuluakulu a m'boma la Chifunde amene anathawira ku Malawi kapena ku Ukwimi m'dziko la Zambia pa nthawi ya nkhondo, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, nkhani yotere akuidziwa bwino. Akukumbukira ufa wolandira, nyemba zochita kuyeza, ndi nzeru zimene amayi ankachita kuti ndiwo zikwane. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Korea nkhani zawo sanazichite manyazi, anaziika pa mbale.

Ndiwo imene sisowa pa chakudya chilichonse cha ku Korea ndi kimchi. Kumeneko kumazizira kwambiri moti m'miyezi ya chisanu m'munda simumera kanthu, choncho chakumapeto kwa Novembala mabanja amasonkhana, kutenga kabichi wofanana ndi tchainizi wa m'madimba a kuno, kumuthira mchere, kumupaka tsabola, adyo ndi msuzi wa tinsomba, n'kumuika m'mitsuko kuti asase pang'onopang'ono. Kale mitsukoyo ankaikwirira pansi. Ntchitoyi amaigwira mothandizana ngati dima, ndipo wothandiza amabwerera kwawo ndi gawo lake. Mu 2013 bungwe la UNESCO linalemba mwambo umenewu m'kaundula wa miyambo yofunika ya pa dziko lonse, kaundula yemwe uja muli Gule Wamkulu wa Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Kunena mwachidule, kimchi ndi mfutso wa ku Korea. Nzeru yake ndi imodzi: kusunga ndiwo nthawi ya mwanaalirenji kuti zidzathandize pamene kunja kwauma. Mayi wa ku Mualadzi amathyola chitambe, khwanya kapena nkhwani, kufutsa, kuyanika pa mphasa, n'kumanga chikwatu ndi masamba a msuku. Koma mlendo akafika pakhomo, mfutso uja amaubisa, nkhuku ndiyo imafa, ndipo ngati nkhuku palibe mayi amapepesa kuti mwatipeza tilibe ndiwo. Ulemu umenewo ndi wabwino ndipo palibe angaunyoze. Chodandaulitsa n'chakuti maganizo omwewo alowa m'mabaraka ndi m'malesitilanti a m'misika, kumene wapaulendo amangopeza tchipisi, nkhuku ndi mpunga, ngati kuti dera lonse silidziwa kutendera.

Woperekeza wa ku Seoul amaphunzitsanso alendo khalidwe la pa chakudya, ndipo apanso Mchewa sangasochere. Wamkulu ndiye amayamba kudya. Wamng'ono akamathirira wamkulu chakumwa amagwira botolo ndi manja awiri, polandiranso ndi manja awiri, ndipo pomwa amatembenuza nkhope kumbali. Munthu sadzithirira yekha, amadikira mnzake. Chovuta ndi timitengo tiwiri tachitsulo todyera, timene mlendo amalimbana nato usiku wonse.

Komabe si zonse zokoma. Alendo atachuluka ku Gwangjang, ogulitsa ena anayamba dyera. Mu Novembala 2023 kanema wina anafala pa intaneti woonetsa mbale ya zokazinga ya 15,000 won, ndalama ya kumeneko, imene munali tizidutswa towerengeka, ndipo anthu a m'dzikolo anakwiya kwambiri ponena kuti msika ukuchititsa manyazi mtundu wonse. Akuluakulu a msika anatseka benchi limenelo masiku 10, ndipo khonsolo ya mzinda wa Seoul inalengeza kuti ogulitsa azilemba kuchuluka kwa chakudya pambali pa mtengo wake, komanso kuti izitumiza anthu okagula mwachinsinsi kuti aone ngati zikutsatidwa. Madandaulo ofanana anabukanso mu 2025. Wolakwa amakhala mmodzi kapena awiri, koma amene amaluza makasitomala ndi mzere wonse, kuphatikizapo amayi amene aphika mokhulupirika zaka 30.

N'chifukwa chake alendo ambiri amafuna woperekeza. Iye amadziwa benchi limene silibera, ndipo wogulitsa amadziwa kuti akanamiza gulu limodzi, mawa woperekezayo adutsa osaima.

Palibe amene akunena kuti mawa lino ku Mualadzi kufika mabasi a azungu onyamula makamera. Misewu ya m'bomali nthawi ya dzinja aliyense akuidziwa, ndipo misika yambiri imatha dzuwa likangolowa. Koma apaulendo alipo kale. Pa chipata cha Cassacatiza, moyang'anana ndi Chanida, madalaivala a mathiraki ochokera ku Beira kupita ku Zambia ndi ku Congo amagona kudikira mapepala, ndipo munthu wodikira amadya katatu pa tsiku. Nyengo yogula fodya ndi chimanga kumabwera mavenda ndi ogwira ntchito ochokera kutali. Ndipo chakumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse anthu miyandamiyanda a maiko atatu amakhamukira ku Mkaika, pafupi ndi Katete, ku mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi, ena mwa iwo ana a m'tauni amene anakulira ku Lusaka, Lilongwe kapena Tete osalawako thelele la chidulo.

Anthu amenewa amafunsa funso limodzi akatsika galimoto: kodi kuno tingadye kuti? Amene amayankha nthawi zambiri ndi mnyamata wa kabaza kapena wa njinga yamoto, ndipo ameneyo ndiye woperekeza wa kuno, ngakhale sadziwa kuti ndi ntchito. Mnyamata wodziwa Chichewa, Chipwitikizi ndi Chingerezi pang'ono, amene akudziwa kwa mayi wa thobwa labwino, kwa wootcha kanyenya wa mbuzi yophedwa tsiku lomwelo, ndi kumene kuli futali kapena chigumu chotentha, ali ndi katundu wogulitsa amene safuna mpamba.

Zimene zingaononge malonda otere ndi ziwiri, ndipo zonse zimachitika kale. Choyamba ndi mitengo iwiri, wina wa mwini mudzi wina wa mlendo, makamaka kuno kumene metikali, kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia zimayendera limodzi ndipo wosadziwa kusintha amapusitsidwa mosavuta. Dalaivala wonamizidwa sakangana, amangouza anzake pa foni, ndipo mathiraki amayamba kuima kwina. Chachiwiri ndi madzi. Kolera anavuta ku Malawi ndi ku Tete mu 2023, ndi ku Zambia kumayambiriro kwa 2024, ndipo wapaulendo amayang'ana beseni losambira m'manja asanayang'ane mphika. Madzi othirira ndi jagi, sopo pambali, chakudya chovundikira ndi mtengo wolembedwa ndi makala pa katoni, zonsezi sizifuna ngongole ya ku banki.

Mayi amene akufuna kukagulitsa mfutso wotendera ku Kulamba ayenera kuyamba kufutsa mu Malichi ndi Epulo, chitambe chisanakhwime, ndipo mtedza wa nsinjiro aupatuliretu pokolola, mavenda asanafike ndi masikelo awo.