Pulogalamu yakale pa kompyuta yatsopano: momwe mapauta amasinthira mosadziwika

Aphunzitsi ambiri amalemba mapauta ndi mayina a ana m'mapulogalamu omwe anapangidwa zaka zambiri zapitazo, koma kompyuta zomwe akugwiritsa nchito lero ndi za Windows 10 kapena 11. Pulogalamu yotere ikakana kutseguka, vuto limaonekera pomwepo. Coopsa kwambiri ndi pamene yatseguka bwinobwino koma ikusintha zolembedwa popanda kucenjeza. Kafukufuku woyerekeza makalasi a zinenero ziwiri ndi a Cipwitikizi cokha amadalira manambala omwewa.

Coyamba ndi mpumiro ndi kadontho. M'Cipwitikizi timalemba 12,5 pomwe m'Cingerezi amalemba 12.5, ndipo mapulogalamu ambiri amatsatira dera lomwe lasankhidwa mu Windows. Ngati kompyuta inakonzedwa m'Cingerezi ca ku America, Excel amatha kutenga 12,5 ngati mawu, ndiye powerengera avereji amaidumpha. Mapulogalamu ena akale amaiwerenga ngati 125. Mwana m'modzi akakhala ndi 125 pa mayeso omwe malire ake ndi 20, avereji ya kalasi yonse imakwera.

Masiku nawonso amatembenuka. Tikalemba 04/03/2016 timatanthauza tsiku lacinayi la mwezi wacitatu, koma kompyuta ija imawerenga tsiku lacitatu la mwezi wacinayi. Izi zimacitika pa masiku oyambira 1 mpaka 12 okha, conco m'ndandanda umodzi masiku ena obadwira amakhala olondola, ena olakwika.

Zilembo ndizo zimatikhudza kwambiri ife ophunzitsa m'zinenero ziwiri. Mapulogalamu akale amasunga zilembo m'njira ya Windows-1252, pomwe atsopano ambiri amagwiritsa nchito UTF-8. Fayilo ya UTF-8 ikatsegulidwa m'pulogalamu yakale, dzina loti João limaoneka JoÃ£o. Cilembo ŵ mulibemo mu Windows-1252, motero posunga cimasanduka w kapena cizindikiro ca funso. Kacizindikiro ka m'mawu oti ng'ombe kalinso pawiri: kowongoka ka pa kiyibodi ndi kopindika komwe Word amaika yekha. Maso athu sasiyanitsa, koma kompyuta imaona mayina awiri, ndipo mwana m'modzi amawerengedwa kawiri.

Mafayilo akale alinso ndi malire. Fayilo ya .xls imalandira mizere 65 536 yokha. Mu 2020 ku England, anthu pafupifupi 16 000 opezeka ndi Covid-19 anasowa m'malipoti cifukwa ca malire amenewa.

Nanga tingadziteteze bwanji? Musanayambe kulemba, onani dera lomwe lasankhidwa mu Windows, ndipo kompyuta zonse za pasukulu zikhale ndi dera limodzi. Yesani ndi mzere umodzi wokhala ndi 12,5, tsiku la 04/03/2016 ndi dzina lokhala ndi ã, ŵ ndi ng'. Sungani, tsekani, tsegulaninso, muone ngati zabwerera momwe munalembera. Mu Excel manambala amatsamira kumanja, mawu kumanzere, ndiye nambala yomwe yatsamira kumanzere ikayikireni. Mukamaliza, sanjani zotsatira kuyambira yaikulu kuti yopyola 20 ionekere, ndipo werengani ngati mizere ikufanana ndi ciwerengero ca ana m'kaundula.

Fayilo yoyamba musailembe pamwamba. Konzani pa kope lake. Pauta ya papepala isungeni ndithu, cifukwa pakabuka kusiyana, ndi yokhayo yomwe ingatiuze zomwe mwana anapezadi.