Kodi mumadziwa? Zilembo zonenepa zinabadwira pa malonda

Kodi mumadziwa kuti zilembo zonenepa za mapazi aakulu, zotchedwa slab serif, zinayamba chifukwa cha malonda? Kale osindikiza ankadalira zilembo zopangidwira mabuku. Koma amalonda a ku London atayamba kupikisana pomata mapepala otsatsa katundu m'makoma, panafunika zilembo zoti munthu aziwerenge ali patali, osaima n'komwe. Vincent Figgins, katswiri woumba zilembo zachitsulo, anazionetsa m'buku lake la zitsanzo lolembedwa chaka cha 1815.

Mphamvu ya zilembozi ili kunsonga. M'malo mwa timichira tosongoka, mizere ya chilembo imathera ndi chidutswa chokhuthala ngati njerwa, kawirikawiri chonenepa pafupifupi mofanana ndi thupi la chilembocho. N'chifukwa chake mawu amaoneka okhazikika, olemera, ovuta kuwanyalanyaza.

Mu 1845 Robert Besley anatulutsa slab serif yotchedwa Clarendon, yomwe mapazi ake amalumikizana ndi thupi mokhota pang'ono, ndipo kwa ine ndiyo yokongola koposa. Anailembetsa kuboma kuti ena asaibe, koma chitetezocho chinali cha zaka zitatu zokha. Zitangotha, anzake anaikopera mwaunyinji. Ku America, zilembo zikuluzikulu za pa zikwangwani ankazisema pamtengo, poti zachitsulo zinkalemera komanso kudula. Slab serif ina, Rockwell ya kampani ya Monotype, inabwera mu 1934.

Zilembozi zimakoma pamutu wa nkhani, pa chikwangwani ndi pa jezi ya masewera. Pandime yaitali ayi: zikathithikana zimadetsa tsamba, maso n'kutopa msanga.