KACIFANIZO KA M'KABATI: MNYANGA, DZINO KAPENA FUPA?

M'caka ca 1964 munthu wina wa malonda a zinthu zakale mu mzinda wa Edinburgh, ku Scotland, anagula kacifanizo kosema pa mtengo wa £5. Kanali ka msilikali wobvala cisoti, wogwira lupanga ndi cishango, ndipo msinkhu wace unali masentimita 8.8, monga cala ca munthu wamkulu. M'buku lace la malonda analemba kuti nkakale, ka masewera a chess, kosemedwa pa dzino la walrus. Koma kumene kanacokera sanakudziwe. Iye atamwalira, mwana wace wamkazi anakasunga m'kabati. Patapita zaka 55 cigulire, a pabanjapo anapita nako kwa a Sotheby's ku London, kumene katswiri wina, Alexander Kader, anakazindikira. M'mwezi wa July 2019 kanagulidwa pa mtengo wa £735,000.

Kodi akatswiri amazindikira bwanji cinthu cotere? Coyamba amafunsa kuti cinasemedwa pa ciani, pakuti zinthu zoyera ndi zosalala siziri zonse za mnyanga wa njobvu. Amatenga galasi lokuza zinthu nayang'ana kunsi, pamene mmisiri anadula copingasa. Mnyanga wa njobvu uli ndi timizere topingasana monga maso a ukonde, ndipo palibe fupa kapena dzino la mvuu limene liri nato. Timizereto amatichula ndi dzina la Schreger, Mjeremani amene anatifotokoza m'caka ca 1800. Dzino la mvuu ndi lolimba koposa, ndipo mizere yace ndi yaing'ono, yozungulira, yothithikana. Fupa liri ndi timaenje ndi timadontho takuda, mmene munkapita mitsempha ya mwazi. Pulasitiki ndi wopepuka, ndipo mizere yace imalingana kwambiri, cifukwa inapangidwa ndi makina.

Walrus ndi nyama yaikuru ya m'nyanja zozizira za kumpoto, ya mano awiri atali oloza pansi. Dzino lace liri ndi cizindikiro cacecace: kunja ndi losalala, koma m'kati muli mtima wamanga-manga, wooneka monga mphale yophikidwa. Amisiri akale ankasema mocenjera kuti mtimawo ubisike, koma kunsi kwa cifanizo umaonekabe.

Caciwiri amayang'ana kasemedwe. M'caka ca 1831, pa malo ochedwa Uig pa cisumbu ca Lewis, anafukula zinthu 93 zimene zinakwiriridwa mu mcenga, zambiri za izo zifanizo za chess. Masewerawa ndi a anthu awiri monga nsolo, koma m'malo mwa miyala muli mafumu, okwera pa akavalo ndi asilikali. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti zinasemedwa ku Trondheim m'dziko la Norway pakati pa zaka za 1150 ndi 1200. Zinthu 82 ndi za British Museum ku London, ndipo 11 ndi za National Museum of Scotland. Powerenga magulu a masewerawo kunapezeka kuti zifanizo zikuruzikuru zisanu zikusowa: wokwera pa kavalo mmodzi ndi alonda anai. Msilikali wa m'kabati uja, pa msinkhu, cobvala ndi zida, anafanana ndi alondawo.

Cacitatu ndi mbiri ya cinthuco. Apa buku la malonda lija linathandiza, pakuti linaonetsa caka ndi mtengo umene kanagulidwira. Cotero kapepala kakale kopezeka pamodzi ndi cinthu sikayenera kutayidwa.

M'nyumba zina za ku migodi ndi m'matauni muli makoza ndi tizifanizo tosiyidwa ndi makolo. Mwini wace asatitsuke ndi mankhwala kapena kutibviika m'madzi, cifukwa mnyanga umang'aluka. Asatiyese ndi singano yamoto, pakuti imasiya cipsera, ndipo pulasitiki wina wakale amayaka msanga. Koposa zonse asathamangire kugulitsa. M'caka ca 1989 maiko a m'pangano la CITES analetsa malonda a minyanga ya njobvu pakati pa maiko, ndipo lamulo la Zambia la 2015 la nyama za kuthengo limazenga mlandu munthu wopezeka ndi mnyanga wopanda cikalata ca boma. Wofuna kudziwa zoona ayambe wafunsa ku ofesi yoyang'anira nyama za kuthengo, kapena ku nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga ya ku Livingstone ndi ya ku Ndola. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.